Belo likabwezedwa ku Chinkhoma, tiloze chala ndani? Za Deming, Crosby, Juran ndi Ishikawa

Anzanga aziphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu mukadali pa yunifolomu, lero ndikufuna tikambirane za azibambo anayi amene sanagulitsepo ngakhale belo limodzi ku Chinkhoma, koma maganizo awo amatitsata tsiku ndi tsiku, m'sitafu rumu, kuchipatala ndi kumsika wa fodya komwe. Mayina awo ndi W. Edwards Deming, Philip Crosby, Joseph Juran ndi Kaoru Ishikawa. Atatu oyambawo anali a ku America, womalizayo wa ku Japan. Onse anamwalira. Moyo wawo anauthera pa funso limodzi: chimachititsa n'chiyani kuti katundu atuluke wabwino, nanga akatuluka woipa wolakwa amakhala ndani?

Kuno ku Kasungu funso limeneli si la m'mabuku ayi. Mlimi amafesa nazale kukutentha, amaokera ndi mvula yoyamba, amathira feteleza, amachotsa mphukira, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha, amamanga mphindi, kenako n'kudinda ndi jeke. Ntchito ya miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Ndiye belo lija likafika pa okushoni, wogula amalisuzumira kwa timasekondi towerengeka, n'kulemba mtengo kapena kulibweza. Chiweruzo chonse chimabwera kumapeto, pamene palibenso chimene mlimi angasinthe. Ifenso aphunzitsi n'chimodzimodzi. Mwana timakhala naye zaka zinayi, a MANEB n'kubwera kwa masabata ochepa, kenako zotsatira zija n'kuziwerenga ngati chiweruzo cha sukulu yonse. Ndikudziwa kuti mwana si fodya, ndipo musandigwire pakamwa. Chimene chikufanana ndi kachitidwe kathu: timakhulupirira kuti ubwino wa chinthu umachokera kwa woyendera amene waima pakhomo lotulukira.

Amene analimbana kwambiri ndi chikhulupiriro chimenechi ndi Deming. Anabadwa mu 1900, anali katswiri wa masamu a chiwerengero, ndipo zambiri anaziphunzira kwa Walter Shewhart, amene mu 1924 anapeza njira yojambulira pa tchati kusinthasintha kwa katundu wotuluka m'fakitale. Phunziro la Shewhart linali lakuti katundu sangafanane ndendende ngakhale utachita bwanji. Kusiyana kwina n'kwa masiku onse, kochokera mu kayendetsedwe ka ntchito yonse. Kwina n'kwapadera, kokhala ndi chifukwa chake choti ungachiloze. Bwana amene satha kusiyanitsa ziwirizi amalanga anthu osalakwa ndi kupereka mphoto kwa anthu amene angochita mwayi. Deming anapita nazo nzeru zimenezi ku Japan mu 1950, dziko lija likadali m'phulusa la nkhondo, ndipo akuluakulu a mafakitale anamumvera. Pofika 1951 anali atakhazikitsa kale mphoto yotchedwa dzina lake. Kwawo ku America anadzamuzindikira mochedwa, mu 1980, wailesi yakanema ya NBC itaonetsa pulogalamu yofunsa chifukwa chimene katundu wa ku Japan ankapambanira wawo. Apo n'kuti mkuluyo ali ndi zaka pafupifupi 80.

Pa misonkhano yake ankachita kasewero kamene ndimalakalaka mkulu aliyense wa zamaphunziro atakaona. Ankabweretsa bokosi la mikanda yoyera yosakaniza ndi yofiira, mkanda umodzi mwa isanu iliyonse uli wofiira. Ankaitana anthu angapo kuti akhale antchito, n'kuwapatsa kathabwa kokhala ndi timayenje 50 kotapira mikandayo. Lamulo linali lakuti atape yoyera yokhayokha. Woyamba akatapa, mwina yofiira ipezeka 7, wachiwiri 13. Deming, atadziika kukhala kapitawo, ankayamikira woyambayo n'kumukalipira wachiwiriyo. Tsiku lotsatira wotamandidwa uja ndiye atapa yofiira yambiri. Pamapeto pake ena ankachotsedwa ntchito. Aliyense m'holo ankaona yekha kuti palibe waulesi kapena wakhama pamenepo. Mikanda yofiira inali kale m'bokosi, ndipo amene akanaichotsa ndi mwini bokosi yekha. Iye ankayerekeza kuti mavuto 94 mwa 100 alionse a pantchito amachokera ku dongosolo limene mabwana anaika, osati kwa wantchito.

Tsopano taganizani za 2011 ndi 2012. Mu 2011 dziko lino linagulitsa fodya pafupifupi makilogalamu 237 miliyoni, wochuluka kuposa amene ogula ankafuna. Mitengo inagwa, mabelo ankabwezedwa mulu, ndipo nyimbo inali yakuti alimi sakusamala fodya wawo, sakusankha bwino, akutumiza zinyalala. Alimi ambiri anagwa mphwayi, ndipo mu 2012 fodya anangokwana pafupifupi makilogalamu 80 miliyoni. Ogula anayamba kulimbirana, mitengo inakwera, ndipo fodya amene chaka chathacho akanabwerera kumudzi anagulidwa. Kodi alimi a ku Santhe, ku Chamama ndi ku Chulu anaphunzira kusankha fodya m'chaka chimodzi? Manja anali omwewo, zigafa zomwezo. Chinasintha ndi bokosi la mikanda.

Kusukulu nako tili ndi bokosi lathu. Ana akalemba mayeso a Sitandade 8, okhoza kwambiri amatengedwa ndi sukulu za nashonolo, otsatira amapita ku sukulu zogonera za m'maboma, ndipo otsala ndi amene amabwera ku ma CDSS, amene ambiri anabadwa mu 1998 kuchokera ku ma DEC akale aja, opanda labotale, opanda laibulale, ena opanda ngakhale mphunzitsi wa Physics. Zaka zinayi zikatha timaika sukulu zonsezi pa mndandanda umodzi, khumi zapamwamba ndi khumi zakumchira, ngati zinanyamukira pamzere umodzi. Ahedi a sukulu yakumchira amaitanidwa kukafotokoza. Akabwerako amakalipira aphunzitsi, aphunzitsi n'kukalipira ana. Ndipo zimene Deming anachenjeza zimachitikadi: pamene pali mantha, manambala amayamba kunama. Mwana wofooka amalangizidwa kuti abwereze Fomu 3 kapena akalembere kwina, kuti asatsitse peresenti ya sukulu. Mlimi woopa kubwezeredwa belo amabisa fodya woipa pakati, wabwino n'kuika pamwamba. Onsewa aphunzira kusangalatsa woyendera. Ndipo mndandanda uja suwerenga konse ana amene sanafike ku Fomu 4. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu ku Kachokolo chifukwa cha fizi pa njala ya 2002, n'kukapanga makina amphepo opangira magetsi pakhomo pa makolo ake, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Peresenti ya MSCE ya sukulu iliyonse sikanamuona mwana ameneyu.

Ngakhale mkangano wa JCE uja unali wa mtundu womwewu. Boma linaichotsa, ana omaliza analemba mu 2016, kenako inabwerera mu 2021. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zake, koma onse ankakangana za kuchuluka kwa zipata zoyenderapo. Za chimene chimachitika m'kalasi ya ana 90 okhala ndi mabuku asanu zinkamveka pang'ono.

Mpaka apa mungaganize kuti ndine wa mpingo wa Deming. Pa kufufuza matenda, inde, palibe womuposa. Koma mankhwala ake ali m'manja mwa mwini bokosi. Iye mwini ankafuna kulankhula ndi mabwana akuluakulu enieni, podziwa kuti wantchito wamba sangasinthe dongosolo. Nanga ife tidikire mpaka ku Capital Hill kudzakhale munthu amene anawerenga Out of the Crisis? Choopsa china n'chakuti mawu ake amakoma kwambiri m'kamwa mwa munthu waulesi. Ndamvapo kangapo pansi pa mtengo wa mango, piriyodi ikupita ana ali okha m'kalasi, wina akunena kuti vuto ndi sisitemu. Zoona, sisitemu ili ndi mlandu. Koma sisitemu siimene yasiya makope a ana osachongedwa kwa mwezi wathunthu.

Apa ndi pamene Crosby amalowera, ndipo ndi amene chuma chake chamasiye chinafala kwambiri kwathu kuno, ngakhale ambiri sadziwa dzina lake. Ankagwira ntchito ku kampani ya Martin, imene inkapanga mizinga ya Pershing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kumeneko ndiko kunabadwira chiphunzitso chakuti cholakwika chisapezeke ngakhale chimodzi. Mu 1979 analemba buku lotchedwa Quality Is Free. Mfundo yake inali yosavuta kumva: kuchita bwino ulendo woyamba sikudula, chodula ndi kubwereza. Pamenepa sananame. Funsani mlimi amene belo lake labwezedwa chifukwa cha kachingwe kamodzi ka pulasitiki kapena nthenga ya nkhuku. Alipira kulisankhanso, alipira kulisunga, adikira masabata, ngongole ya feteleza ikubereka. Kachingwe kameneko palibe amene angati kaponyedwamo ndi boma. Kumbukiraninso 2020, mayeso a MSCE atabedwa n'kuthetsedwa mu Novembala, ana onse m'dziko muno n'kulembanso mu Januwale 2021, boma n'kutaya mabiliyoni. Pa zinthu ngati zimenezi, kuteteza mayeso, kulemba mamalikisi a mwana molondola, kuchotsa pulasitiki m'fodya, muyeso wa Crosby ndi wokhawo woyenera.

Koma taonani chimene tinatolako. Tinatola mawu a pakhoma. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi masomphenya ake olembedwa ndi penti pageti, ndipo chaka chilichonse pa asembule timalonjeza kuti chaka chino ana onse akhoza. Deming ankadana nazo zimenezi. Ankati kulamula wantchito kuti asalakwitse, osamupatsa njira, kumangobala mkwiyo. Kunena chilungamo, Crosby mwiniwake ankanena kuti muyesowo uyambire kwa mabwana. Koma penti njotchipa kuposa labotale, ndiye dziko lonse lapansi linasankha penti.

Juran anali munthu wofatsa pa anayiwa, ndipo anakhala zaka 103, kuchokera 1904 mpaka 2008. Anabadwira ku Romania, anakulira mu umphawi ku America, analemba Quality Control Handbook mu 1951, n'kupita ku Japan mu 1954. Iye ankati katundu wabwino ndi amene akukwanira pa ntchito imene wogula akumufunira. Ankatinso mavuto ochepa okha ndi amene amabweretsa chiwonongeko chachikulu, choncho usamwaze mphamvu, peza ochepawo ulimbane nawo limodzilimodzi. Dzina la lamuloli analipereka kwa Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy. Ndipo ankalankhula chinenero cha mabwana, ndalama.

Ndikayang'ana ulimi wa kontirakiti, umene boma linavomereza mu 2012 pansi pa dzina la IPS, ndimaona nzeru za Juran zikugwira ntchito. Kampani siidikiranso ku okushoni. Imabwera ku nazale ndi mbewu, feteleza ndi mlangizi, imalemba munda uliwonse, imadziwa belo lililonse kumene lachokera. Akuluakulu amene analima fodya wa fuluu pansi pa KFCTA anganene kuti zimenezi si zachilendo, chifukwa nawonso ankayang'aniridwa kuyambira kufesa mpaka ku balani. Zimagwira, ndipo fodya wa kontirakiti sabwezedwa kawirikawiri ngati wa pa okushoni. Koma pali funso limene Juran sanafunikire kuliyankha ku America, kumene ogula ndi ambirimbiri. Bwanji ngati ogula ndi makampani owerengeka pa zala, ndipo yemweyo amene wakukongoza feteleza ndi amenenso akutchula giredi ya fodya wako? Pamenepo mawu akuti ubwino amaunena ndi wogula amasanduka chingwe. Malemu Bingu wa Mutharika anafika pothamangitsa akuluakulu anayi a makampani ogula fodya mu 2009 pa nkhani ya mitengo, koma mphamvu ya wogula sinachoke nawo pa ndege. Tisaiwalenso kuti wogula yemweyo nthawi zina amakakamiza zabwino. Mu Novembala 2019 America inaimitsa fodya wa Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa, makampani anachita kuonetsa umboni kuti aloledwenso, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'lamulo la ntchito. Ife amene timawerenga madesiki opanda anthu nyengo yothyola ndi yosoka tinakhala tikudandaula za ana amenewa kwa zaka zambiri. Zinatengera wogula kuti ayambe kuwerenga mwana ngati mbali ya ubwino wa belo.

Nanga kusukulu wogula wathu ndani? MANEB, yunivesite, kholo, kapena mwana mwini? Tikayankha kuti MANEB, ndiye kuti tizingophunzitsa mapepala a mayeso akale kuyambira Fomu 3, monga ambiri akuchitira kale.

Watsala Ishikawa, amene amatchulidwa pang'ono pa onsewa, ndipo ndi amene ine ndingamusankhe. Anali pulofesa ku yunivesite ya Tokyo, anabadwa mu 1915 n'kumwalira mu 1989. Pamene anzake aja ankalankhula ndi mabwana m'mahotela, iye anafunsa kuti nanga kapitawo ndi wantchito wamba tiwapatsa chiyani m'manja? Mu 1962 anayambitsa timagulu ta antchito ochepa a gawo limodzi, okumana mwa kufuna kwawo kuti aphunzire limodzi ndi kuthetsa vuto limodzi la pamalo pawo. Anawasankhira zida zisanu ndi ziwiri zosafuna digiri, monga kapepala kochongapo kangati vuto lachitika, ndi chojambula chija chooneka ngati minga ya nsomba. Umalemba vuto kumutu kwa nsomba, ndiye munga uliwonse ndi gwero limene lingakhale likubweretsa vutolo: anthu, zipangizo, njira yogwirira ntchito, malo. Pa munga uliwonse umafunsa kuti chifukwa chiyani, mpaka utafika pa chinthu choti ungachigwire. Anaphunzitsanso kuti wogula wako woyamba ndi mnzako amene akulandira ntchito kuchokera m'manja mwako. Wosankha fodya ndi wogula wa wosoka. Mphunzitsi wa Fomu 2 ndi wogula wa mphunzitsi wa Fomu 1.

Ganizo lomalizali ndi limene limandigwira mtima, chifukwa limayankha funso la Juran lija popanda kudikira aliyense. Ndi kangati pamene wa masamu a Fomu 3 anakhala pansi ndi wa Fomu 2 n'kumuuza kuti ana ako akubwera osadziwa kuchotsera manambala a negetivu? Nthawi zambiri timakadandaulira kumbali. Ndi kangati pamene ife a sekondale tinapita ku pulaimale yoyandikana nayo, imene imatipatsa ana chaka ndi chaka, kukaona mmene akuphunzirira Chingerezi mu Sitandade 5? M'mera mpoyamba, timatero tokha, koma nazale yathu sitiiyendera.

Ndipo mbewu ya nzeru zimenezi inafika kale kuno. Inu a sayansi ndi masamu mukukumbukira SMASSE, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la JICA ku chigawo cha maphunziro cha kum'mwera chakum'mawa isanafalikire dziko lonse. PDSI ija, yakuti konzekera phunziro, liphunzitse, ona mmene layendera, ulikonzenso, ndi mdzukulu wa mkombero wa Shewhart ndi Deming, wodzera ku Japan ndi ku Kenya. Mukalowa m'zipatala zina za boma n'kuona mashelefu olembedwa bwinobwino ndi mawu akuti 5S ndi KAIZEN pakhoma, ndi banja lomwelo. Alimi nawo ali ndi makalabu awo kuyambira pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale mu 1990. Kalabu imene mamembala ake amayenderana m'zigafa asanadinde, podziwa kuti fodya woipa wa mmodzi aipitsa dzina la onse, ikuchita za Ishikawa ngakhale sinamumvepo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu zinthu zimenezi zimabwera ngati pulojekiti, ndi wekishopu ndi alawansi, ndipo pulojekiti ikatha nazonso zimazilala. Ku Japan timagulu tija tinali ta antchito eni ake.

Wina anganditsutse kuti makampani ambiri a ku America anatengera timagulu timeneti m'zaka za m'ma 1980 ndipo tambiri tinafa, chifukwa antchito ankapereka maganizo koma mabwana osachitapo kanthu. N'zoona, ndipo apa Deming akuwinanso. Kagulu ka aphunzitsi sikangamange labotale kapena kulemba ntchito mphunzitsi wa Chemistry. Koma sukulu si fakitale ya anthu zikwi khumi. Bwana amene angaphe kapena kuchiritsa kagulu kotere ndi ahedi, munthu amene timamwa naye tiyi pa buleki. Ndipo minga ya nsomba ili ndi ubwino wina: imalekanitsa poyera minga imene ili ya unduna ndi imene ili yathu. Ikakhala pa bolodi, waulesi uja sangabisalenso kumbuyo kwa sisitemu, komanso woyendera akabwera ndi chala chake, mumamuonetsa mbali yake ndi manambala amene mwawerenga nokha.

Tiyerekeze dipatimenti ya zinenero yatenga vuto limodzi lokha, monga akanalangizira Juran: ana a Fomu 1 amene sangathe kuwerenga ndime ya Chingerezi n'kuimva. Sabata yoyamba aphunzitsi atatu awerengetsa mwana aliyense ndime imodzi kwa mphindi ziwiri, n'kulemba dzina lake ndi pulaimale imene anachokera. Lachisanu masana ajambula nsomba ija. Mwina apeza kuti ambiri mwa ovutikawo achokera ku sukulu ziwiri zokha. Mwina apeza kuti ndi ana oyenda mtunda wautali, amene amaphonya piriyodi yoyamba, ndipo Chingerezi chinaikidwa piriyodi yoyamba masiku atatu pa sabata. Kusuntha piriyodi pa taimutebulo sikufuna kalata yochokera ku Lilongwe. Kapena apeza kuti mabuku 40 owerenga ali m'katoni mu ofesi, osatsekulidwa, poopa kuti ana angawang'ambe oditala n'kudzafunsa. Temu ikamatha awerengetsanso ana omwewo ndime yofanana nayo, n'kuyerekeza ndi pepala loyamba lija.